A Lumo Alowa Komiti ya Nyumba

Foni inalira a Lumo atameta theka la mutu wa kasitomala. Sankakonda kuyankha foni ali pa ntchito, koma tsiku limenelo inalira osalekeza, mpaka kasitomalayo anati, "Yankhani achimwene, mwina kwagwa zovuta."

Anayankha makina ometera akulirabe m'dzanja linalo. Anali mayi wina wa ku khonsolo ya mzinda. Mayiyo anafotokoza kuti mzinda walandira thumba la ndalama zothandizira nyumba zotsika mtengo ndi ntchito zina zotukula anthu m'madera, ndipo chaka chino akuluakulu agwirizana kuti mu komiti yogawa ndalamazo mukhalenso anthu wamba. Mayina a onse amene analembetsa anachitidwa mayere, ndipo dzina lawo latuluka.

"Langa?"

"Lanu bambo. Si inu ometa tsitsi a pafupi ndi pokwerera basi?"

"Ndine ndithu, mayi! Palibenso wina!"

Dzina la Lumo anawapatsa ndi makasitomala, kaamba ka ntchito yawo komanso kaamba ka pakamwa pawo, pakuti nthabwala zawo zinkacheka. Anaponya makina pa tebulo n'kutuluka liwiro, kuzungulira kuseri kwa shopu kumene ankakhala.

"Nanga ine?" anakuwa kasitomala uja, nsalu ili m'khosi. "Ndipite kuntchito ngati nkhuku yososola mbali imodzi?"

Kuseriko kunali chipinda chimodzi chachikulu chogawidwa pakati ndi katani. Mbali ina ankagona iwo ndi akazi awo, mbali inayo ana atatu, mtsikana wamkulu ali kale ku sekondale. Makina osokera a akazi awo anali pakhomo penipeni, pamene kuwala kumafika, ndipo aliyense wolowa ankachita kupendekeka. Mpopi ndi chimbudzi ankagwiritsa ntchito ndi mabanja onse a pa mdadada umenewo, moti m'mawa uliwonse pamakhala mzere wa anthu atakolekera matawulo m'khosi, osayankhulana.

Akazi awo atamva anaimika makina, n'kuimirira, n'kukhalanso pansi, n'kuimiriranso.

"Sindinakuuzeni? Sindinakuuzeni kuti kalembetseni? Inu mumvekere zimenezo ndi za anthu a mataye!"

"Taye tigula, mayi a ana."

"Mugule chiyani? Ndikusokerani ine lero lomwe!"

Nkhani inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Pofika mawa lake, benchi ya m'shopu inali itadzaza, ena ataima panja. Kunabwera anthu amene anameta dzana, kudzametanso. Kunabwera wapampando wa timu ya mpira ya m'deralo, amene ali pa mpando anayamba kudandaula za bwalo lopanda magetsi. Kunabwera m'busa, kunabwera mkulu wa ogulitsa makala. Aliyense ankayamba ndi kufunsa za moyo wa ana, kenako n'kutsokomola pang'ono, n'kuti, "Paja tamva kuti mwakwera."

Chakumasana kunalowa a landilodi, eni ake a shopuyo ndi zipinda zonse zakuseri. Mutu wawo unali dazi lokhalokha, lonyezimira ngati pansi pa mbale. Anakhala pa mpando n'kudzifunditsa okha nsalu.

"Timete kuti, bwana?" anafunsa a Lumo. "Kapena tingopukuta?"

Benchi yonse inafa nacho chiseko. A landilodi nawo anaseka, koma mano okha.

"Konzani m'mbalimu. Ndimati ndikuuzeni, chitseko chanu chija chovuta kutseka ndatuma kalipentala. Ndipo za nyumba zotchipazi, muziganize bwino. Zinthu zotchipa zimabweretsa anthu osadziwika."

"Ife timadziwika, bwana?"

"Inu ndinu ngati abale."

"Ndiye abale anu chitseko chadikira zaka zonsezi bwanji?"

A landilodi anadzuka m'mbali musanakonzedwe. Komabe kalipentala anabwera madzulo omwewo.

Msonkhano woyamba unachitikira m'chipinda cham'mwamba ku khonsolo, mokhala tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi pamalo pa munthu aliyense. A Lumo anafika atavala taye yobiriwira yosokedwa ndi nsalu yotsala ku mayunifolomu a sukulu. Apampando anali mayi wachikulire, amene anali woweruza milandu asanapume, wa mawu otsika koma osabwerezedwa. Panali injiniya wamkazi, wowerengera ndalama, makhansala awiri, ndi anthu wamba atatu: dalaivala wa basi, mphunzitsi, ndi a Lumowo.

Atamva kukula kwa thumbalo, a Lumo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Kwa iwo ndalama zimenezo zinali zokwana kumanga mzinda wina. Mapempho atawerengedwa, anakweza dzanja mwachangu.

"Amayi apampando, ine ndikuona kuti onsewa ndi abwino. Tingowapatsa onse, tizipita."

Anthu anaseka, koma mosanyoza. Wowerengera ndalama anawatembenuzira pepala n'kuwaonetsa ndi cholembera kuti mapempho onse pamodzi akuposa thumbalo kanayi.

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero apampando. "Tabwera kudzasankha, bambo, ndipo kusankha kumawawa. Tsopano ndifunse: alipo pano amene ali ndi m'bale m'gulu lililonse mwa opemphawa?"

Limodzi mwa mapempho akuluakulu linali la gulu la anthu ochita lendi, lofuna kuti fakitale yakale ya sopo, imene inangokhala yotseka pakati pa mzinda, ikonzedwe kukhala nyumba zotsika mtengo. Gululo analiyambitsa ndi mnansi wawo, mayi wamasiye amene aliyense ankamutchula kuti a Nesi chifukwa anagwira ntchito kuchipatala moyo wake wonse. Ndipo wachiwiri kwa a Nesi anali akazi awo a a Lumo.

A Lumo anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Zikomo ponena," anatero apampando. "Zina zonse mudzavota nafe. Koma ikadzafika nkhani ya fakitale, mudzatuluka panja."

Kunyumba kunali moto.

"Mwanena? Mwanena nokha ndi pakamwa panu?" anatero akazi awo, manja ali m'chiuno. "Ndiye tinakutumirani chiyani kumeneko? Kukamwa madzi a m'botolo?"

"Akanadzadziwa okha, pempho lonse likanatayidwa."

"Mwachita bwino, bambo," anatero a Nesi, amene anali atakhala pa mpando wa makina akumwa tiyi. "Nyumba yolowera pawindo sugonamo tulo. Inu mayi, musiyeni mwamunayu avule taye, khosi latupa."

Sabata yotsatira komiti inakwera minibasi ya khonsolo kukaona malo onse. A Lumo anakhala kutsogolo, chigongono pawindo, akukweza dzanja kwa aliyense wowadziwa ndi wosawadziwa yemwe. Anakaona thengo lina kutali kunja kwa mzinda, kumene kampani ina inkafuna kumanga nyumba zatsopano. Zithunzi zake zinali zokongola, timitengo ndi timaluwa, ndipo makhansala anazikonda kwambiri. Anakaona bwalo la mpira, holo ya okalamba yong'ambika khoma, ndi kanyumba kogona anthu osowa pokhala.

Ku fakitale, mlonda anatsegula geti ndi phewa. Inali nyumba ya nsanjika zitatu, mawindo aatali, nkhunda zikuuluka m'kati. Fungo la sopo linali likadalimo. Injiniya ankayenda akugogoda makoma ndi kahamala, akumvetsera ngati dokotala.

"Makoma ndi amoyo," anatero. "Denga ndi mapaipi ndiye zinafa kalekale."

A Lumo sananene kanthu, poopa kuti angaoneke ngati akukopa anzawo. Koma anakwera okha mpaka pamwamba, naima pawindo lina losweka. Kuchokera pamenepo ankaona msika, sukulu ya ana awo, ndi denga la dzimbiri la shopu yawo. Anayesa ndi mapazi pamene pangakhale bedi, pamene pangakhale makina osokera, kenako anachita manyazi n'kutsika.

Malo omaliza anali pamsika. Mayi wina ankasunga ana a azimayi ogulitsa malonda, ndipo pempho lake linali la chipinda chenicheni chosungiramo anawo. Anawatsogolera kunsi kwa masitepe achitsulo okwerera ku nsanjika ya msika. Kumeneko, pa makatoni oyala, kunali ana ochuluka, ena akugona, ena akukwawa. Munthu aliyense akaponda sitepe pamwamba, chitsulo chinkalira ndipo fumbi linkagwera pa nkhope za ogonawo. Mayiyo anali atamanga chingwe kuti ana asakwawire mu ngalande ya madzi oipa imene inkadutsa pafupi.

A Lumo anagwada kuti aone bwino. Kamwana kena kanagwira taye yawo n'kuyamba kuiyamwa. Anakasiya. Pobwerera m'minibasi anakhala kumbuyo, ndipo nthabwala sanaponye ngakhale imodzi.

Tsiku logamula, khonde la khonsolo linadzaza. A gulu la ochita lendi anabwera onse, azimayi a pamsika anabwera ndi ana kumsana, anyamata a mpira atavala majezi, a kampani ija atanyamula zikwama. Chitseko cha chipinda chinatsekedwa.

Anayamba ndi zing'onozing'ono. Holo ya okalamba inadutsa, kanyumba kogona osowa pokhala kanadutsa, magetsi a bwalo la mpira anauzidwa kuti adikire chaka chamawa. Itafika nkhani ya ana a pamsika, wowerengera ndalama anavula magalasi.

"Ndinene poyera tisanavote. Gawo la ntchito za m'madera latsala pang'ono kutha. Chipinda cha anawa chikamangidwa, titapa ku gawo la nyumba. Ndiye kuti ikadutsa kampani, nyumba zake zichepa. Ikadutsa fakitale, tikonza nsanjika ziwiri zokha, yachitatu idikira."

A Lumo anawerengera mumtima. Nsanjika imodzi kuchoka, ndiye kuti mabanja ambiri a m'gulu la akazi awo atsala panja, mwina ndi iwo omwe.

"Amene akuti ana amangiridwe, manja m'mwamba," anatero apampando.

Mphunzitsi anakweza. Injiniya anakweza. Dalaivala anakweza. Makhansala awiri ndi wowerengera ndalama anapinda manja. Maso onse anatembenukira kwa a Lumo. Iwo anayang'ana kunsonga kwa taye yawo, pamene panali patatsala kabanga kosachoka, ndipo dzanja linakwera ngati likudzikweza lokha.

"Yadutsa," anatero apampando. "Tsopano nkhani ya nyumba. Bambo, chitseko ndi icho."

Atangotuluka, anthu anawaunjirira ngati njuchi. Iwo anadutsa pakati pawo mpaka pamene panali akazi awo ndi a Nesi, nawakokera pakona pafupi ndi chozimira moto.

"Mayi a ana, ndichite kukuuzani ndekha. Ndavotera ana a pamsika. Fakitale ikadutsa, nsanjika yachitatu palibe."

Akazi awo anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Pa zathu mwatuluka. Pa zotichotsera mwakweza dzanja."

"Mukanawaona ana aja…"

"Anga atatu simuwaona? Mtsikana wamkulu amavalira kuseri kwa katani, abale ake ali pomwepo!"

"Ndikudziwa."

"Tikakambirana kunyumba."

Mawu amenewo a Lumo ankawaopa kuposa kukalipa. A Nesi anangogwira mkono wa mnzawoyo n'kuusisita. M'kati munkamveka mawu akukwera ndi kutsika, wina akumenya tebulo. A Lumo anayenda uku ndi uku, anamwa madzi pa mpopi wa pakhonde, anabwerera, anakamwanso. Mnyamata wina wa mpira anawafunsa za magetsi, iwo n'kumuyankha kuti, "Mawa, bwera udzamete ulere," osadziwa chimene akunena.

Chitseko chinatseguka. Apampando anaima pakhomo atagwira pepala. Anawerenga za holo, okalamba awiri anaomba m'manja. Anawerenga za ana, azimayi a pamsika anakuwa mpaka makanda anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kenako anadikira phokoso lithe.

"Za nyumba. Komiti yaona kuti anthu asachotsedwe pafupi ndi ntchito zawo ndi sukulu za ana awo. Ndalama zipita ku fakitale yakale ya sopo, nsanjika ziwiri."

Zotsalazo palibe anazimva. Nthungululu zinang'amba khonde. A Nesi, munthu wodandaula mawondo tsiku lililonse, analumpha ndithu mapazi onse kuchoka pansi. Wina anataya nsapato. Akazi awo a a Lumo anawakumbatira amuna awo mwamphamvu mpaka kuwanyamula, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, kenako anakumbukira kuti akwiya n'kuwakankha.

"Musaganize kuti zatha!"

"Sindikuganiza, mayi."

Anawakumbatiranso.

Ntchito inatenga pafupifupi chaka. A Lumo anasanduka kapitawo wosalembedwa: m'mawa uliwonse asanatsegule shopu ankadutsira ku fakitale kukasuzumira pa mpanda, ndipo makasitomala ankamva za mapaipi ndi matailosi kaya afune kaya asafune. Chipinda cha ana pamsika chinatha msanga, cha makoma achikasu ndi timabedi tating'ono. Tsiku lina akazi awo anapita okha kukachiona, osawauza. Pobwera anangoti, "Makatani alibe. Ndiwasokera." Nkhani ya kunyumba ija inathera pamenepo.

Popeza mabanja a m'gulu anali ambiri kuposa nyumba, khonsolo inati pachitike mayere poyera. Anasonkhana pabwalo la fakitale, penti ikununkhabe. Banja lililonse linalemba dzina pa kapepala n'kuponya mu ndowa yoonekera m'kati, ndipo wotola anali mayi wina wosaona wa ku holo ya okalamba, kuti pasakhale wonena kuti zinakonzedwa kale.

Dzina likatuluka, banja linkathamangira kutsogolo, ana akugubuduka. Makiyi pa tebulo ankachepa. A Lumo anali atagwira dzanja la akazi awo, ndipo zikhadabo za mayiwo zinali zitalowa m'chikhatho chawo. Mtsikana wawo wamkulu anatseka maso ndi manja. Makiyi atatsala owerengeka, injiniya anatambasula kapepala, n'kumwetulira asanawerenge.

"Banja la ometa tsitsi!"

A Lumo sanadziwe kuti afika bwanji kutsogolo. Anangozindikira ali ndi kiyi m'manja, mwana wamng'ono ali pa phewa, akazi awo atagwada pansi manja ali kumwamba. Anapsompsona kiyiyo, anagwira chanza injiniya, mlonda, mayi wosaona uja, ndi munthu wina wongodutsa.

Kiyi womaliza anapita kwa wokonza nsapato. Dzina la a Nesi linatsala mu ndowa.

Chimwemwe cha akazi awo chinazima pomwepo. Anapita kwa mnzawoyo, kiyi atabisa kumbuyo.

"Amayi, inu ndi amene munayambitsa zonsezi. Sizingatheke. Tengani yathuyi."

"Ndikumenyani," anatero a Nesi, maso ali ofiira koma akuseka. "Ine ndili ndekha, inu muli asanu. Ndipo ine zapansizi sindikuzifuna. Ndikufuna pamwamba paja, pa mphepo. Chaka chamawa tidzapemphanso ndalama za nsanjika yachitatu, ndipo inu bambo, popeza mu komiti mudzakhala mutatuluka, mudzatiyankhulira. Pakamwa pamenepo pagwire ntchito."

"Ndi mawondo amenewa mudzakwera nsanjika zitatu?" anafunsa a Lumo.

"Mudzandibereka ndinu. Nanga ndakuvutikirani chifukwa chiyani?"

Anasamuka Loweruka lotsatira. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anabwera ndi lole yaing'ono yobwereka, ndipo a landilodi anaima patali akuyang'anitsitsa kuti anthu asanyamule ndi chitseko chomwe. Katundu amene ankadzaza chipinda chija mpaka kusowa popondera anaoneka wochepa zedi m'nyumba yatsopanoyo. Munali zipinda ziwiri zogona, pochezera, kakhitchini, ndi bafa lawolawo. Ana ankathamanga kuchoka chipinda china kupita china akukuwa kuti amve mawu awo akubwerera. Mtsikana wamkulu analowa m'chipinda, natseka chitseko, natsegula, natsekanso.

Kabati yokha ndiyo inakana. Inafika pokhotera masitepe n'kuima, osapita kumwamba, osabwerera pansi, a Lumo ali kumtunda, mlamu wawo ali kumunsi.

"Kankhani alamu!"

"Ndikankhe chiyani? Kokani inuyo! Mphamvu zonse zinathera ku komiti?"

"Ipendekeni kumanzere!"

"Kumanzere kwa ndani?"

Kumbuyo kwa mlamuyo kunali kutapangika mzere wa mabanja ena, wina atasenza matiresi, wina mbaula, wina wailesi, onse akupereka nzeru nthawi imodzi. Wokonza nsapato anati achotse zitseko za kabatiyo, wina anati aikweze ndi chingwe pawindo. Pamapeto pake a Nesi anafika ndi sikuludalaiva ya m'chikwama mwawo, nalamula kuti aliyense akhale chete, namasula miyendo inayi ya kabatiyo. Inadutsa mosavuta, anthu a pa masitepe n'kuomba m'manja ngati timu yagoletsa.

Akazi awo anasuzumira pakhomo, manja ali onyowa mpaka m'zigongono.

"Bambo a ana, siyani kabatiyo pomwepo, bwerani mudzaone! Madzi akutuluka m'khitchini muno!"